Basi, Basi

Hutala inandidzutsa Kalingalinga akadali m'tulo,
agalu okha ali maso.
A Njobvu akuti mnzawo wa m'timu wadwala msana,
ndiye ine Yotamu, wokonza mainjini a maboti awo,
lero ndikhala msodzi wa mpikisano.

Tinatsata msewu wa Leopards Hill,
boti likugwedera pa ngolo kumbuyo,
mpaka phula linatha, fumbi linayamba,
damu n'kuonekera pakati pa misuku
lili phee, ngati lata latsopano logonekedwa pa udzu.

Maboti khumi ndi awiri, anthu awiriawiri,
mayina a matimu osokedwa pa malaya.
Mayi Zelesi Daka, chipewa ngati lichero,
anawerenga malamulo pa pepala lonyowa ndi mame:
nsomba zisanu zokha,
yosafika pa mzere wa lula ibwerere kwawo,
yakufa ikudyera mapointi,
wochedwa mphindi imodzi adzilire yekha.
Wenzulo itangolira, madzi anang'ambika.

Ine ndinakulira pa mbedza ya waya
ndi nyongolotsi zokumba kuseri kwa bafa.
Kuno nyongolotsi n'zapulasitiki, zonunkhira adyo,
paketi imodzi ndi buledi wa sabata yathunthu.
"Ponya pafupi ndi chitsa chija," akutero a Njobvu,
"ukoke pang'ono, uleke, ukokenso,
ngati ukunyengerera mwana wonyanyala."
Ndinaponya. Ndinakola chitsacho.
Ndinaponyanso. Ndinakola chipewa chawo.

Dzuwa la Okutobala linatikhala pa mapewa ngati ngongole.
Anyamata a ku Makeni anadutsa akuseka,
atakweza zala zinayi m'mwamba.
Ife tiwiri tokha, tating'ono, tongopsompsona mzere.
A Njobvu anasiya kuyankhula.
Nkhwazi pa mtengo wouma inkatiyang'ana
monga woyang'anira mayeso.

Cha m'ma wani koloko mphepo inatembenuka
ndipo chingwe changa chinayenda chokha, cham'mbali.
Ndinamva m'dzanja kunjenjemera kuja
kumene ndimamva injini yakufa ikafuna kudzuka.
Ndinakoka. Ndodo inapinda ngati uta.
Inavuuka, kukamwa kuli yasa ngati chigubu chodula,
yobiriwira, mzere wakuda m'nthiti,
n'kugwanso khuvu!
"Usafulumire! Iwe, usafulumire!"
A Njobvu, munthu wa madigiri awiri,
akukuwa ngati kondakitala wa pa Kulima Tower.

Pa sikelo, makilo atatu ndi magalamu mazana awiri.
Timu yathu inakhala yachinayi,
chikho chinapita ku Makeni,
koma yaikulu ya tsikulo inali yanga.
Anandijambula nditaigwira mlomo wapansi.
M'mutu mwanga inali kale m'mafuta,
tomato, anyezi, ana atatu akukanganirana mutu.

Pamenepo Mayi Daka analoza madzi.

Ndinagwada m'matope.
Inapuma m'manja mwanga, makha akutseguka, akutseka,
inaima kaye ngati sikukhulupirira,
kenaka inandimenya mchira pa mkono
n'kutsika osatsanzika.

Usiku Esinati anandichingamira pakhomo,
anayang'ana manja, anayang'ana chikwama.
"Ndiwo zili kuti?"
Ndinamuonetsa chithunzi pa foni
ndi kapusi yamphoto yondithina.
"Nsomba yanji imeneyi?"
"Basi."
"Basi chiyani?"
"Basi, basi."
Anandiyang'ana nthawi yaitali
n'kutuma mwana kapenta wa pa kantemba.

Tsopano magetsi apita, nyumba yonse ikuliza mkonono.
Chala changa chachikulu n'chokalika,
timano take tinachipala ngati sandipepa,
ndipo ndikuchisisita mumdima muno.
Kwinakwake pansi pa chitsa chija
chinthu chomwe ndinachigwira chikupumabe,
chikunenepa popanda ine.

Mulungu andikhululukire,
koma msana wa mnzawo wa a Njobvu uja
usachire mwezi wamawa usanathe.